Bowa wa M'botolo

Pa msika wa Kapata, kuseri kwa okonza njinga,
Yotamu wayala mabotolo pa thumba la feteleza.
"Reishi, amayi, bowa wa kutsidya kwa nyanja.
Umalimbitsa thupi, umaitana tulo."

Bowa ndimaudziwa ine:
utale, manyame, chipindi cha mvula yoyamba,
ndipo sindinaphikepo umene sindiudziwa dzina.
Uwu ngwofiira ngati nsapato yopolisha,
pachithunzi pokha. M'katimu ndi ufa.

Ndinagulabe. Phindu la tomato la sabata yonse.

Ku Navutika bambo a Tisauke ali pakhonde,
miyendo yotupa, kuwerenga mapiritsi m'chikhatho.

Lachinayi ndinalitenga botolo kuchipatala.
Sisita Zelipa analitembenuza, natsinzinira timalemba.
"Ena amati amapezako bwino. Umboni ngwochepa.
Koma magazi a amuna anu tawasungunula kale;
mukawonjeza uwu, kabala ka lumo
katha kukana kuuma.
Chiwindinso sichidandaula msanga."

Lili pamwamba pa kabati tsopano, losatsegula,
fumbi la Okutobala lakhala pachivindikiro.
Yotamu amandipatsabe moni.
Ndimayankha bwinobwino,
n'kupitirira kwa ogulitsa chibwabwa.