Dzino m'Kapu ya Mkaka

Usiku wa Lachinayi, mvula itangokata ku Valparaíso,
Griselda Arancibia analowa m'chipinda changa
dzanja lamanja likukoka Nahuel, wa zaka khumi ndi chimodzi,
thaulo kukamwa lili psuu,
lamanzere litagwira kapu ya mkaka
akuyenda nayo ngati dzira.

Masitepe a mzinda uno amayambira kumitambo
n'kukathera kudoko.
Nahuel anati awatsika panjinga.
Makumi awiri oyamba anatsika bwinobwino.

Ine sindiyambira ku mano.
Unakomoka? Wasanza?
Mphunzitsi wako dzina lake ndani?
Tsata chala changachi ndi maso okha.
Mutu ukayankha bwino m'pamene ndimapempha pakamwa.
Luma pang'onopang'ono, mwanawe.
Nsagwada zikukumana monga zinkakumanira m'mawa?

Kenaka kuwerenga zotsala,
monga achitira eni mabwato namondwe akadutsa.
Lakutsogolo lakumanzere palibe, patsala dzenje.
Lakumanja labenthuka pakona,
kachibenthu kake sikadziwika komwe kali.
Lachitatu lapendekera m'kati
ngati mlendo wamanyazi pakhomo,
ndikalikhudza, gwedegwede.

Ndinagogoda lililonse ndi chigwiriro cha kalilole.
Go, go.
Mano amayankha, mukamva chinenero chawo:
lokhomereka m'fupa limalira ngati chitsulo,
lovulala muzu limadzidzimutsa mwiniwake pampando.
Ekisire inaonetsa mizu yosathyoka.
Ndinajambulanso mlomo wotupawo,
ndipo kachibenthu kaja nako, kali mbee,
kabisala m'mnofu ngati kamwala mumpunga.

Papita mphindi zingati, mayi?
"Makumi atatu ndi zisanu. Ndawerenga ndili m'basi.
Sindinalikweche.
Ndinaligwira kumutu, osati kumuzu,
monga anakuwira Don Eleuterio wa sitolo ya mankhwala
ali pawindo, atavala zogonera."

Ndinafuna kumupsompsona mkulu ameneyo.
Muzu umakutidwa ndi timinofu tosaoneka ndi maso,
ndipo tikauma, basi,
dzino limabwerera kwawo ngati mlendo.

Jakisoni. Tidikire dzanzi.
Madzi amchere m'dzenje, madzi amchere pamuzu.
Ndinalivuula mumkaka muja,
lalitali kuposa momwe mayi aliyense amaganizira,
Griselda n'kutembenukira kukhoma.
Ndi zala ziwiri, osakakamiza,
linalowa ngati kiyi pa loko wake.
Lopendekera lija ndinaliwongola,
lobenthuka ndinalimata pabala kuti mphepo isamalipweteke,
kachibenthu n'kukasola pamlomo, ulusi kawiri.
Pomaliza kawaya kopyapyala pa mano asanu,
olimba agwirize ofooka
koma osawamanga ngati akaidi:
dzino limapola likamapumako pang'ono.

Masabata awiri, mayi.
Msuzi, nthochi, mbatatesi yosinja.
Mswachi wofewa. Njinga ipume.
Katemera wa kafumbata analandira liti?
Mubwere pasanathe masiku khumi tidzatsuke m'kati mwa muzu.

"Ndiye kuti lapulumuka?"

Apa ndimameza malovu nthawi zonse.
Dzino silichita lonjezo.
Lingagwire n'kudzatafuna buledi wa paukwati wake,
lingade mtundu m'chilimwe,
fupa lingadye muzu mwakachetechete zaka zitatu
ife tikumwetulira.
Tidzalijambula, tidzaligogoda, tidzalifunsa chaka ndi chaka.
Lero lili kwawo. Zomwe ndikudziwa n'zomwezo.

Nahuel, mlomo uli lende ndi dzanzi,
anafunsa ngati adzathenso kuimba likhweru.
Anayesa pomwepo.
Munatuluka mphepo yokha ndi dovu lofiirira,
mayi ake n'kuseka koyamba,
kuseka kuja kumatsogolera misozi.

Anatuluka cha m'ma leveni, kukakwera phiri lawo wapansi.
Pokolopa m'mawa, namwino Fresia anapeza kapu ija pasinki,
ya buluu, yothyoka chogwirira,
mkaka utasanduka wofiirira pansi pake.
Anati aitaye.
Ndinati itsukeni muiike pashelefu,
eni ake akubwera Lachisanu linalo.