Womupeza

Namwino wa pa Nsanje anaimitsa cholembera m'malere.
"Wosayina ndi kholo. Inu ndinu ndani wake?"
Ndinati bambo ake.
Anayang'ana kabuku ka kusikelo, nayang'ananso ine:
m'kabukumo Dominga ndi wa kwa Nyamithambo,
ine ndine Alufazema, wokonza njinga pa Bangula.
"Oho. Ndinu womupeza."
Mwana akutentha kumsana kwanga ngati mchenga wa mu Okutobala,
amake ali ku Marka kopikula nsomba,
foni yawo yothima.

Womupeza.
Inde, ndinamupeza,
ali ndi mano awiri, akukwawa m'mizere ya thonje,
akudya dothi.
Ndinamupezanso usiku uja Ruo anasiya njira yake
ndi kulowa m'nyumba osaodira.
Ndinapapasa mumdima, ndinagwira kamwendo,
tinachezera m'mtengo wa mango masiku awiri
nditamumangirira pachifuwa ndi chitenje cha amake.
Madzi aja sanafunse kabuku.
Mtengo sunandifunse mfunda.

Atachira ndinapalasa njinga mpaka ku boma,
ofesi yoona za ana, chitseko chobiriwira.
Mayi Thole anandimvetsera akudzikupiza ndi envulopu.
"Chikondi tachimva, bambo, koma sichidindidwa.
Mukapemphe ku khoti.
Amake avomere polemba.
Amene anabereka, kapena akwawo, amve nawo.
Ife tidzabwera kudzaona pogona mwana,
ndipo mwiniwakeyo tidzamufunsa payekha."

Woberekayo anaoloka Shire zaka zisanu ndi zitatu zapitazo
ati kokafuna ganyu ku Mutarara.
Bwato linabwerera. Iye ayi.
Ndinapeza mkulu wake kwa Tengani, akusoka ukonde.
"Ng'ombe zathu zinalowa m'khola la kwawo kwa mkaziyo.
Mwana ndi wathu."
Ndinati ndi wanu, sindikukana.
Dzina likhale lanu.
Akadzakula, chuma chake mudzalandire ndinu, sindidzaponda pamenepo.
Ine ndikungofuna kuti akadzatenthanso thupi
cholembera chisadzaime m'malere.
Anasoka maso atatu a ukonde osayankha.
Kenako anapukutira chala chachikulu m'kabudula
nati, "Inkiyo ili kuti?"

Mayi Thole anabweradi, Lachinayi, pa njinga yamoto.
Anawerenga maneti a udzudzu,
anasuzumira m'thumba la mapira, anasuzumira m'chimbudzi,
anafunsa aneba ngati ndimamwa.
Ndimamwa pa Khirisimasi. Anatero aneba, ndipo ndi zoona.
Ruwiza analemba dzina lake pang'onopang'ono, lilime lili panja.

Kawiri tinapita ku khoti, kawiri tinabwerera:
tsiku lina fayilo yasowa,
tsiku lina bwana ali ku maliro.
Mbuzi yanga ya mawanga inathera m'minibasi.

Kachitatu majisitireti anavula magalasi
naweramira kwa mwana:
"Iwe Dominga, awa ndi ndani?"
Mtima wanga unali pakhosi.
Iye anandiyang'ana kuyambira kuphazi,
zala zanga zakuda ndi girizi, malaya obwereka,
nati,
"Awa ndi amene amandikaniza kukasamba ku Shire,
ati ng'ona.
Tsiku ndi tsiku, ng'ona, ng'ona."
Khoti lonse linaseka, ngakhale wapolisi wa pakhomo.
Chidindo chinagwa kamodzi,
phu,
ngati mlambe wakupsa.

Pepalalo lili m'jumbo ya shuga,
ndinalitsomeka kudenga, pamwamba penipeni,
poti mudzi uno madzi amaudziwa njira.
Madzulo ena amati ndilitsitse awerenge,
ine Chizungu chimandipita pambali.
Amayendetsa chala pamzere, akuluma mawu aatali,
ndiye amaima, nkhope ili gwa:
"Apa alemba kuti muzindigulira nsapato."

Sindikhulupirira.
Koma Loweruka kuli msika.