Matsanya Anayi a ku Mwabvi

Masabata atatu tulo tikundizemba.
Ndikangotseka maso ndimaona Zuze
akutsegula kabuku kake ka katapila,
chala chonyowa malovu
chikutsetsereka mpaka pa dzina langa.
Thonje linapserera lisanachite maluwa.
Nesi wa ku Bangula anandikulunga lamba pamkono,
anapopa, anayang'ana, anapopanso,
nati, "Bambo Fombe, chepetsani maganizo."
Ndinaseka.
Ngati maganizo ndi fodya woti munthu n'kungotaya.

Ndiye Lachinayi, nkhuku zisanatsike,
ndinanola nkhwangwa, ndinaimanga pa kaliyala,
ulendo wa kumalire a Mwabvi.
Masamu ndinachitira m'njira:
matsanya anayi, uvuni umodzi,
matumba khumi a makala,
Zuze atseke pakamwa mpaka mwezi ukhale.

Ndinafika dzuwa litayamba kale kuluma.
Ndinakhala pamwala kuti thukuta liume.
Basi. Panalibe china.

Koma maso alibe mpanda.
Anapita okha.
Masamba a tsanya, awiriawiri ngati mapiko a gulugufe,
anali atapindana kuzemba dzuwa,
mthunzi wake wobookabooka ngati lichero lotha ntchito.
Chapatali mnjale utaima wokhawokha,
woyera mbuu, wosalala, wopanda nthambi mpaka kumutu.
Nyenje zinkalira. Zinaleka. Zinayambanso.
Pansi pa bwemba gwape anandiyang'ana,
khutu limodzi kwa ine, lina kumphepo,
anaona kuti ndilibe nkhani,
napitiriza kubudula masamba.

Palibe mtengo unandifunsa kuti ndibweza liti.

Sindidziwa nsagwada zinamasuka nthawi yanji.
Ndinangozindikira kuti mapewa atsika,
mpweya ukufika mpaka pamchombo,
ndipo ng'oma ija yogunda kuseri kwa khutu
yasanduka musi wa munthu wosinja kumudzi wina,
kutali, mosafulumira.
Ndinawerenga mitundu ya kubiriwira, ndinafika isanu ndi iwiri,
mwezi wa Okutobala, dziko lonse lili gwaa!
Kenaka ndinaiwala kuti ndikuwerenga.

Nyerere zinakwera mpini wa nkhwangwa,
zinafika kuchitsulo, zinapsa mapazi, zinabwerera.

Ndisakunamizeni.
Ngongole sinachepe ngakhale tambala.
Ndinabwerera ndi bwemba m'thumba la malaya,
ana analimbirana.
Nyadinga anayang'ana kaliyala wopanda kanthu,
anayang'ana ine,
anafuna kulankhula, anangopita kukatunga madzi.

Usiku umenewo, pakhonde, udzudzu wa ku Shire ukuimba,
ndinatseka maso kudikira chala cha Zuze.
Kunabwera masamba aja, awiriawiri,
akutseguka pang'onopang'ono poti dzuwa lapita.
Anandidzutsa ndi mbuzi kutayera kale.

Zuze abwera Lolemba.
Nkhwangwa ili kuseri kwa chitseko, ikadali yakuthwa,
ndipo sindikulonjeza kanthu kwa munthu kapena kwa mtengo.
Ndingodziwa kuti matsanya anayi aja
ndinawasankha kale ndi maso,
tsopano ndikuwadziwa limodzilimodzi,
ndipo lachitatulo lili ndi chisa.