Memoli Khadi

Ukwati wa Asiyatu ndimaukumbuka ndili kudenga,
ngati nalimata wokakamira pa malata a holo ya kwa Mpondasi,
ndikudzisuzumira ndekha pansipo:
kamunthu ka jekete yobwereka,
thukuta litajambula mapu m'khwapa,
chimkuzamawu chikunjenjemera m'dzanja
ngati nkhuku yoti yaona mpeni.

Anati ndiwe mlongo wake, unapita kusukulu, yankhula.
Ndinayankhula.
Mkwati dzina lake ndi Twaibu.
Ine ndinati Sumani,
dzina la uja anatsitsa chibwenzi n'kuthawira ku Joni.

Zaka zitatu tsopano.
Dzinalo limandidzutsa muazini asanaitane,
limakhala nane pa kabaza powoloka mlatho wa Shire,
ndipo ndimalipira ndalama yoonjezera
kuti tizungulire kuseri kwa msika
ndisadutse pa golosale ya alamu anga.

Mukandifunsa tinadya chiyani tsikulo, sindidziwa.
Nsalu ya yunifomu inali yobiriwira kapena yofiira?
Ndani anavina, ndani analira?
Koma chingwe cha nsapato yanga ya kumanzere
chinali chomasuka, ichi ndingalumbire,
ndipo pa simenti panali mng'alu
wooneka ngati chilembo cha Y.
Ndi maso: mazana atatu a maso, onse pa ine,
ndi phwete la kuseka limene likumakula chaka ndi chaka
ngati ngongole ya katapila.

Ndimakonza mafoni pa depoti ya basi.
Ntchito yabwino kwa munthu ngati ine,
mutu umakhala choweramira, palibe amadabwa.
Lachiwiri lapitali Asiyatu anabwera, mwana kumbuyo,
foni yake itagwera m'ndowa.
Zithunzi za ukwati zili mmenemo, achimwene, chonde.

Foniyo inafa. Kakhadi kanapulumuka,
kakang'ono ngati chikhadabo cha khanda.
Ndinakasunga masiku awiri m'thumba la malaya,
kakundiotcha pamtima.
Usiku wachitatu ndinatseka chitseko, ndinachepetsa mawu.

Ndine uyo. Jekete ikundikwana ndithu.
Ndikupereka moni, mawu sakunjenjemera kwenikweni.
Nayi mphindi ija ikubwera, ndagwira mpweya,
ndatsegula pakamwa,
sipika n'kulira, tswiii,
ana n'kutseka makutu.
Dzina lija silikumveka n'komwe.

Anthu akuseka, inde.
Akuseka mbuzi ya eni holo
yomwe yalowa n'kuyamba kudya maluwa a pepala.
Amayi a kukhitchini akuwerenga mbale.
Che Likoswe akusinza. Twaibu akupukuta magalasi.
Maso mazana atatu aja
aliyense ali ndi kwake koyang'ana.

Kupatula awiri.
Pakona, pafupi ndi zenera losweka,
bambo anga mu mkanjo woyera, chisoti chitapendekeka,
aimirira okha holo yonse ili chikhalire,
akugwedeza phewa la mnzawo,
akundiloza, milomo ikuti mwanangu uyo.
Ndabwereza kasanu ndi kawiri. Mwanangu uyo.

Tinawaika m'manda Ramazani yotsatira.
Ndinali m'chipinda chimodzi ndi kunyada kwawo,
mapazi khumi okha pakati pathu,
ine ndili kalikiliki kuwerenga mng'alu wa simenti.

Ndiye ndi masiku angati ena amene ndinasunga chonchi,
kutola minga, kutaya nsomba?
Tsiku la mayeso, maliro a azakhali, mtsikana wa ku Namwera
amene ndinaganiza kuti akundiseka chibwibwi.
Kapena ankangomwetulira.
Palibe anajambula. Sindidzadziwa.

Ndikanakonda kunena kuti ndachira.
M'bandakucha wa lero dzina lija linabweranso,
linakhala pamphasa monga mwa chizolowezi.
Ndinalisiya likhale. Ndinayatsa foni.
Kenako m'mawa ndinauza wakabaza adutse njira yachidule,
ndipo pa golosale paja Twaibu anakweza dzanja,
nati alamu, mwasowatu,
shuga wakweranso mtengo.