Dziwe la pa Nsanjika ya Khumi ndi Chinayi

Ku Morumbi khonde lililonse lili ndi dziwe lake.
Lachiwiri m'mawa Josimar amakwera chikepe cha antchito
kukavuula masamba m'madzi a Dona Heloísa,
madzi amene chaka chino sanalawe phazi la munthu.

Akasuzumira pansi amaliona denga lake,
lachitatu kuchokera pa mpanda, lopsinjidwa ndi matayala.
Kumeneko mpopi unauma Loweruka.

Mayiwo si oipa mtima.
Anamupatsa nsapato za malemu amuna awo,
amafunsa za chifuwa cha mwana, dzina osaliphonya.
Edivaldo, mlamu wake, amati ndi dyera basi,
mimba yokhuta ikulirabe njala.
Josimar amati mpandawo mayiwo anaupeza,
wotolera lendi ndi kampani yopanda nkhope,
ukafuna woti umutukwane
umapeza pepala, kuseri kwake pepala linanso.

Komabe alipo anasaina.
Zimenezi zimamudya m'basi, nsapato zikumuthina.

Lero woyang'anira nyumba walamula:
madziwo akhalitsa, atayidwe.
Wazula chotsekera, waima chete,
kuwamvera akutsika m'mapaipi nsanjika zonsezo,
kudutsa pansi pa mpanda,
pansi pa bedi la mwana wake,
osaima.