Nambala ya Yelesani

Tayala linaphulika pa mlatho wa Lunkhwakwa
ndili ndi mayi wa tomato kumbuyo.
Usiku womwewo, pansi pa babu la aneba ku Mchini,
ndinabwereka makwacha mazana atatu
kwa wobwereketsa wopanda nkhope, wokhala m'foni.

Sanafune chikole. Sanafune mboni.
Anati: jambula reji yako, kumaso ndi kumbuyo.
Anati: yang'ana kuno, phethira, tembenuza khosi.
Ndinaphethira, ine bambo wa ana atatu,
kuphethirira galasi losweka pakona.
Kenako kunabwera Chingerezi,
tizilembo tothithikana ngati linthumbu pa msewu.
Ndinakankha ndi chala, kukankha, kukankhabe,
mpaka pansi pomwe panali kabokosi.
Ndinadina.
Ndalama inalira m'thumba ndisanakhale n'pansi.

Iye analowa osavula nsapato.
Anawerenga mayina onse, mazana awiri ndi khumi ndi limodzi.
Anadziwa kuti ndimadzuka folo koloko,
kuti ndimaimika njinga pa Kapata pafupi ndi ogulitsa makala,
kuti yuniti ndimagula ya makwacha asanu basi,
kuti Lachisanu lina foni inagona ku Magazine
pomwe mkazi wanga amadziwa kuti ndili kumaliro.

Mvula inagwa masiku anayi, okwera anasowa,
tsiku lobweza linadutsa.
Lachisanu m'mawa uthenga unapita kwa onse:
kwa abusa, kwa wowotcherera mafelemu,
kwa apongozi ku Chadiza amene amachita kuwerengeredwa ndi mdzukulu,
kwa mayi wa tomato uja.
Uzani Lekani Zulu abweze za eni.
Pa siteji anzanga anangoweramira maunyolo awo,
aliyense kupukuta popanda dothi.

Tilabilenji, mwana wa mlongo wanga, wa giredi leveni,
anandiwerengera zimene ndinakankha zija.
Akuti zanu zonse amazisunga ndi loko, amalume.
Akuti amazisandutsa zilembo zosokonekera
kuti wakuba akaba asamve kanthu.
Akuti sapatsa munthu wina aliyense
kupatula anzawo ogwira nawo ntchito.
Anzawowo ndani? Kwawo n'kuti?
Mwana anafufuza mpaka batire linatha.
Sanalembe, amalume.

Lamulungu madzulo foni inalira.
Pagalasi panalembedwa: Yelesani.

Mng'ono wanga tinamuika ku Feni
zaka zitatu zapitazo, mwezi wa fumbi.
Nambala yake sindinafufute.
Chala chimafika pomwepo n'kubwerera.

Ndinayankha nditaimirira.
Anali mawu a mayi, kumbuyo kukulira chigayo.
Ine ndili ku Sinda, layini iyi ndinagula chaka chatha.
Inu a Zulu sindikudziwani.
Anthu anuwa anditumizira kasanu.
Bwezani za eni, ine ndigone.
Ndinati pepani amayi.
Ndinati pepaninso, kuti asadule msanga,
kuti dzinalo liwalebe pang'ono m'dzanja langa.
Anadula.

Lachiwiri ndinabweza, mazana anayi ndi makumi awiri,
nditagulitsa wailesi.
Ndinamuchotsa m'foni wobwereketsayo,
kukanikiza chala mpaka kachizindikiro kake kananjenjemera n'kuzimirira.
Tilabilenji anaseka. Mwangotseka zenera lanu, amalume.
Zimene anatenga ali nazobe.
Apa akuti angasunge nthawi imene aona kuti n'koyenera.

Tsono ndikamapalasa chokwera cha ku Kanjala,
thumba la simenti kumbuyo, thukuta m'maso,
ndimaganiza za chipinda chozizira kwinakwake
kumene makina amang'ung'udza osagona.
M'menemo nkhope yanga ikuphethirabe.
M'menemo muli Lachisanu la ku Magazine.
Ndipo pamzere wina, pafupi ndi dzina langa,
pali Yelesani Zulu, mbale wake,
palibe anawauza za ku Feni,
akumuwerengabe pakati pa amoyo,
pakati pa amene angathe kundikumbutsa ngongole.