Pansi pa Nyanja Imene Sindinaionepo

Ndimagwira ntchito ku Longacres, pansanjika yachitatu,
pamwamba pa shopu ya matayala.
Nyanja yamchere ili kutali,
ati masiku awiri pabasi ngati msana uli wolimba,
koma Lolemba lililonse imalowa m'kompyuta yanga
itasanduka manambala.

Kwinakwake sitima ikukwawa usiku,
ikukuwira m'madzi ngati mleme m'phanga,
kenako zii, kudikira.
Mawu akabwerera msanga, pansi pali pafupi.
Akachedwa, ndiye kuphompho.
Nzeru yonse ndi yomweyo;
zotsalazo n'kuwerengera chabe.

Ine ntchito yanga n'kupaka.
Posaya ndimaika kufiira,
potsetsereka chikasu,
kumene dzuwa silinapondepo, mtundu wa nyenje zakupsa.
Chansa wa pa tebulo linalo amati
ndikujambula chitenje cha ku Kamwala.
Mwina. Koma chitenje chilibe zigwa zotere,
mipata yoti Lusaka yense angagweremo
pamodzi ndi maminibasi ake
osamveka n'komwe kuti wagwa.

Nsomba zimanama.
Zikaunjikana pansi pa sitima
makina amati apa pali phiri.
Ndimagwira mbewa, n'kufufuta phirilo,
kadontho ndi kadontho, tiyi akuzizira.
Ndagumula mapiri ambiri ine, mwana wamkazi,
ndisanadye n'chamasana chomwe.

Lachinayi lapitali ndinapeza chinthu chowongoka.
Mamita zikwi ziwiri kupita pansi,
chachitali ngati mabasi anayi ondondozana,
mthunzi wake utagona pamatope.
Pansi pa madzi zinthu siziwongoka zokha.
Ndinaitana a Sitali.
Anavula magalasi, anavalanso.
"Chipatseni nambala," anatero, "tipitirire."
Ndinachipatsa nambala.
Sindinafunse ngati munali anthu,
ngati wina anayala mphasa ya maliro popanda mtembo.

Ndiye magetsi anathima.
Jenereta anakhosomola kawiri, nakana.
Pagalasi lakudalo ndinangoona nkhope yanga,
ndi kumbuyo kwanga fumbi la Okutobala
likukwera pamsewu.

Pali malo amene sitima sinadutse.
Amatsala mizere yakuda pakati pa mitundu
ngati mano oguluka.
Kompyuta imandinyengerera:
ndidzazemo? ndikhoza kuganizira.
Ndimakana.
Pamene sitinamve, pakhale pamdima.

Zimenezi ndinaphunzira ku Kanyama.
Bambo anga, a Yosamu Njobvu, ankakumba zitsime
m'miyala ija yobowokabowoka.
Akafika pachitsime cha eni
ankatola kamwala, n'kukasiya kagwe,
khutu cheu, milomo ikuwerenga.
Chubwi.
"Mikono khumi ndi iwiri," ankatero,
ndipo chingwe chinkawavomereza.
Koma akapanda kumva bwino
sankatchula kanthu. Ankatola mwala wina.

Lero makutu awo anatseka.
Lamlungu ndinawatengera pepala,
lalikulu, losindikiza mitundu yonse,
ndinaliyala pabenchi, nkhuku zikusuzumira.
Anayendetsa chala chawo chokakala
kutsika chigwa, kukwera mtunda,
n'kuima pamzere wakuda.
Anandiyang'ana. Ndinapukusa mutu.
Anagwedeza wawo.

Ndinakuwa m'khutu mwawo kuti ndi pansi pa nyanja,
kuti timaponya mawu m'malo mwa mwala.
Anakhala chete nthawi yaitali,
mpaka ndinayesa kuti sanamve,
kuti mawu anga akupitabe pansi.

"Tikambenji," anatero pomaliza,
"madzi onsewa, amamweka?"

Ndinati ayi, ngamchere.

Anaseka mpaka kutsokomola,
napinda pepalalo kanayi,
naliika m'thumba la jekete.
Kuseri kwa mpanda ana anali pamzere ndi zigubu,
mpopi ukungotulutsa mphepo.